Botolo la Kamumpanda Lili Pansi pa Zitenje

Iwe Yankho, mkazi mnzanga,

Ndikulemba masana ano iwe uli kolukitsa tsitsi kumsika. Ndikanakuuza pakamwa, koma iwe ndi ine tikayamba nkhani sitiimaliza: ine ndikweza mawu, iwe maso pafoni, nkhani n'kufera pomwepo. Pepala silindiyankha mwano. Zilembo zanga n'zokhota, ukudziwa kuti sukulu ndinalekera Sitandade 3, zinazi ndinatolera kusukulu ya kwacha imvi zitayamba kale. Ndiwe mphunzitsi tsopano, uchonge ndi bolopeni yofiira ngati ukufuna, koma uwerenge mpaka pomaliza.

Mawa ukwera minibasi kupita ku Mzimba, kusukulu yakumudzi kumene boma lakutumiza. Ukakatsegula chikwama chako chachikulu, pansi pa zitenje ukapeza botolo lokulungidwa m'sokosi. Usalitaye. Muli phulusa, ndipo m'phulusamo muli njere za kamumpanda, nyemba zija zoyanga pampanda. Dzulo nditakupatsa botololi pamanja unaliika pazenera n'kunena kuti, "Agogo, ine za dothi sindizidziwa. Ndiwo ndizikagula pamsika." Ndinakuyankha zoipa, ndikuvomera. Ndinati zala zako zinalengedwera foni basi. Koma mawu ako aja anandiwawa chifukwa ndi anga. Ndinawalankhula ine kwa amayi ako, pakhonde lomweli.

Mvetsera. Ine ndinabadwira kwa Mkanda, pakati pa chimanga, fodya ndi mtedza. Khasu ndinaligwira ndili kamwana ndipo ndinadana nalo. Agogo ako aamuna atamwalira ndinalitaya, ndinasamukira kuno kwa Kamwendo n'kuyamba kupita kuboda ya Zambia kukagulitsa zitumbuwa ndi mtedza wophika kwa madalaivala a mathiraki. Pakamwa pangapa ndinanolera kumeneko, chifukwa dalaivala ukamuyankha mofatsa amakukwera pamutu. Wa dothi anali amayi ako, Elina. Kuseri kwa nyumbayi kunali dzala la zitini ndi mapepala. Iye anasesa, anagalauza, anapanga mabedi anayi, anamanga mpanda waudzu, n'kubzala kamumpanda amene anakapempha kwa azakhali anga kwa Mkanda. Ine ndikabwera kuboda ndinkamuseka. "Elina, repu watha kodi pamsika? Ine za dothi ndinazisiya kwa Mkanda." Iye ankangomwetulira, kheni m'manja, iwe kumsana.

Anamwalira m'chilimwe, iwe uli ndi zaka zinayi. Anthu a maliro atabalalika ndinazungulira kuseri, ndinapeza mpiru wake utagona, masamba atalefuka ngati makutu a galu wodwala. Sindinaganize za ndiwo ayi. Ndinangoona kuti izinso zikufa, ndipo izi zokha ndingathe kuziletsa. Ndinanyamula kheni n'kupita kumjigo. Kutacha ndinapeza masamba atadzuka, ataima njo. Yankho, chichokereni kumanda, chinthu choyamba kundiseketsa chinali mpiru. Ndinayamba dimba ndili ndi zaka zoposa makumi asanu, osadziwa kanthu. Ndiye usandiuze kuti iwe sungathe.

Mpiru wa amayi ako utatha ndinati ndibzale wanga. Mumtima ndinati, ine mwana wa kwa Mkanda, wolima minda yosaoneka polekezera, kabedi aka kangandivute? Ndinagula kapaketi ka mbewu kwa bambo wina patsiku la msika. Ndinaunga mizere ikuluikulu ngati ya chimanga, ndinabaya mapando ndi chidendene, ndinaponya njere zitatuzitatu, ndinakwirira n'kupondapo bwinobwino. Njere za mpiru ukuzidziwa, n'tating'ono ngati utitiri. Ine ndinazilowetsa kuya kwa chala chonse. Sabata yoyamba, zii. Yachiwiri, kunamera chisoso chokha. Tsiku la msika ndinamanga chitenje m'chiuno n'kupita kwa bambo uja. Ndinamutcha wakuba, ndinati amagulitsa mchenga wokazinga, mpaka anthu anasiya zogula kudzaonerera. Iye anadikira kuti mpweya undithere, kenaka anafunsa mofatsa, "Mayi, munafesa bwanji?" Ndinafotokoza monyada, mpaka kuonetsa ndi chidendene. Msika wonse unafa nako kuseka. Mayi wina kumbuyo kwanga anati, "Mpiru umenewo mukaudikirire ku Chipata, ukatulukira kumeneko." Nditacheuka ndinapeza ndi aNachisale, a nyumba yoyandikana nafe, amene sitinkapatsana moni chifukwa cha nkhuku zawo.

Bambo uja sanandisungire mangawa. Anati, "Kwanu munalima fodya? Chitani ngati nazale ya fodya." Dothi ulifewetse, njere uziwaze pamwamba, kadothi pang'ono ngati ukuthira mchere, udzu wouma pamwamba, madzi m'mawa ndi madzulo. Nazale ya fodya ndinaiona kuyambira ndili mwana, koma poti inali ntchito ya amuna sindinaiyang'anitsitsepo. Ndinachita monga ananenera. Patapita masiku ochepa ndinatukula udzu, ndinaona timasamba tiwiritiwiri tili mbwee bedi lonse. Ndinakuwa mpaka iwe unatuluka m'nyumba ukulira, kuyesa kuti ndalumidwa ndi njoka. Chimwemwe chimenecho sichigulidwa pamsika, ndipo ndikufuna udzachimve ndi chifuwa chako. Ndiye iwe amene ukuti sudziwa kanthu uli bwino kuposa mmene ndinalili ine. Wosadziwa amafunsa. Ine ndinkadziwa theka, ndipo thekalo ndi limene linandikwirira mbewu. Ukafika kumeneko ufunse. Wamva?

Ya manyowa ndiifupikitse chifukwa imandichititsa manyazi. Ndinaona mbande zikukula pang'onopang'ono, ndinati ndizithandize. Ndinasesa khola la nkhuku, zitosi zaziwisi, n'kuthira patsinde chodzaza dzanja ngati ndikudyetsa mlendo wochokera kutali. Masiku awiri, zonse zinapsa ngati zadutsidwa ndi moto. Manyowa ayambe awola, ade, anunkhe ngati dothi, ndiye uthire. Ndi ana a m'kalasi mwako chimodzimodzi, koma zimenezo anakuphunzitsa kukoleji, ine ndisalowerere.

Chaka chotsatira ndinati ndikwere kalasi, ndibzale tomato. Anamera bwino, ndinaokera bwino, ndinamangirira kutimitengo. M'mawa uliwonse ndinkamuyendera, kumugwiragwira, kuthyola timphukira tam'mbali. Atayamba maluwa, masamba anayamba kukwinyika, mawanga achikasu paliponse, mitengo n'kupinimbira. Ndinayang'ana kumpanda, ndinaona aNachisale akusuzumira, ndinati basi, ndi diso la mayi ameneyu. Ndinalankhula mokweza ngati ndikuuza nkhuku, kuti pali anthu ena maso awo angaumitse ndi mwala womwe. Tsiku limenelo kunadutsa pa njinga mlangizi wa zaulimi, mtsikana wa kumwera amene ankachita lendi kuseri kwa tchalitchi. Ndinamuimitsa kuti adzaone ufiti ndi maso ake. Akuyang'ana masamba, ine ndinatulutsa kabotolo kanga ka fodya wa mphuno, ndinakoka, ndinapukutira pachitenje, n'kugwira tsamba kumuonetsa. Anati, "Agogo, mfiti yake ndaiona. Ili ndi zala khumi." Anandiuza kuti fodya ali ndi matenda ake amene amalowa mu tomato kudzera m'manja. Ine wobadwira m'fodya, osadziwa! N'chifukwa chake pamwala wa pakhomo la dimba pamakhala sopo mpaka lero, uja umandibera pochapa masokosi. Fodya sindinasiye, ndipo usandifunse. Koma kumeneko zinthu zikadzakukanika, m'dimba kapena kusukulu, uyambe wayang'ana manja ako usanayang'ane kumpanda. Ndikudziwa magazi ako, ndi anga. Timafulumira kuloza.

Pali china chimene ndinalakwitsa, ndipo ichi sichiseketsa. Unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinabwera kumjigo ndinakupeza wakhala pansi m'dimba, yunifomu ili matope okhaokha, buku la sukulu lili pansi nkhuku zikupondapo. M'manja unali ndi chitini cha mkaka, utathiramo dothi, utabzalamo njere ya kamumpanda, ikungotukula mutu. Unati, "Agogo, taonani, yanga." Ine ndinakulanda chitini chija n'kuchiponya kuseri kwa bafa. Ndinati khasu linathyola msana wanga, wako ndi bolopeni, ndikadzakuonanso muno ndidzakuswa. Unalira, ndipo chiyambire tsiku limenelo sunalowenso m'dimba koma pokhapokha ndakutuma kukathyola anyezi. Ndinkaopa. Ndinaona atsikana ambiri kwa Mkanda atasiya sukulu chifukwa cha munda, ndipo ndinali nditalumbira pamanda a Elina kuti iwe udzavala nsapato za ku ofesi. Wazivala, ndipo sindikudandaula. Koma ndinasokoneza munda ndi dimba. Munda umakudya, dimba la kuseri kwa nyumba limakupumitsa. Ndiye dzulo utati za dothi suzidziwa, ndinayenera kudzitukwana ndekha, osati iwe. Ndinakutsekera ndine. Pepa, mwana wa mwana wanga. Mawu amenewa pakamwa sakanatuluka, ndiye uwasunge papepala pano, sudzawamvanso.

Tsopano ya kamumpanda, imene ndi nkhani yeniyeni ya kalata ino. Nyemba imeneyi simva malire. Inayanga pampanda n'kugwera mbali ya aNachisale, makoko lendelende. Tsiku lina, iwe uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndinamva khwasakhwasa, nditasuzumira ndinapeza mayi uja ali ndi lichero, akuthyola mosathamanga n'komwe. Ndinati, "ANachisale, munabzala liti nyemba?" Iwo osadzidzimuka anati, "ANaphiri, zili pabwalo panga. Ngati n'zanu muzidulire pasipoti." Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga chikwanje, ndinadula nthambi zonse zogwera uko n'kuzitentha, kuti asatolepo ngakhale khoko limodzi. Ndinadzimva ngati ndapambana mlandu kukhoti.

Chaka chimenecho mbewu ndinaisunga m'kajumbo pamwamba pa kabati, osathira phulusa, poti ndinkadziona kuti ndine katswiri. Wa pampanda chiswe chinadya mizu, anauma. Mvula itayandikira ndinamasula kajumbo kaja. Fumbi lokhalokha, anankafumbwe akuyendayenda, njere iliyonse yobooka. Ndinakwera kabaza mpaka kwa Mkanda. Azakhali anali atamwalira kale, ndipo ana awo anati zimenezo tinasiya, masiku ano timabzala za m'paketi. Ndinabwerera chimanjamanja. Ndinakhala pamwala wa sopo uja n'kulira ngati Elina wamwaliranso kachiwiri. Nyemba zina zilipo, Yankho, ndikanagula. Koma izi anazibweretsa yekha pakhomo pano, atazimanga pansonga ya chitenje, ndipo zinali chinthu chake chokha chimene chinkabwerabe chaka ndi chaka.

Ndili pamwalapo ndinamva, "Odi, aNaphiri." Anali aNachisale. Sanasuzumire pampanda ngati kale, anazungulira njira yeniyeni ngati mlendo. Anakhala pansi, anamasula mfundo ya chitenje, anandithirira m'manja njere zamawangamawanga, zonenepa, zopanda bowo ngakhale limodzi. Anati, "Zija ndinkaba zija. Sindinadye zonse. Elina anandiuza yekha kuti za mbali yanga ndizithyola, koma ndizisungako mbewu. Inu simunafunse, munangotenga chikwanje." Ine wapakamwa ngati lumo ndinadzuka pamwala paja. Ndinangoti, "Ndikuphikireni tiyi." Iwo anati, "Muthiremo shuga wambiri. Zowawa mwandimwetsa kale zokwanira."

Kuyambira tsiku limenelo mpanda uja tinauboola pakati, kachipata kaja unkadutsirako pokasewera. Iwo anandiphunzitsa kusunga mbewu m'phulusa ndi kufutsa nkhwani kuti zisachite nkhungu, ine ndinkawagawira mbande za repu. Tinkakanganabe, usaganize kuti ndinasanduka mngelo, koma tinkakangana titakhala pamphasa imodzi tikusenda nyemba. Amayi ako, mtsikana wofatsa uja, anali atadziwa chimene ine ndinaphunzira ndi misozi: botolo limasweka, kabati amalowa anankafumbwe, koma mbewu imene ili kwa mnzako ilipo ndithu. Imene ili nyumba imodzi yokha yangotsala pang'ono kutha.

Ndiye taona mmene zinthu zilili lero. ANachisale anawatenga mwana wawo chaka chatha, ali ku Zambia, akudwala, sadzabweranso. Malo awo wagula munthu wamashopu, wamanga mpanda wa njerwa, pansi wathira simenti mpaka pakhomo la chimbudzi. Azimayi awiri a kumpingo amene ndinawagawirako mbewu anaiphika, wina anachita kubwera kudzandiuza kuti inakoma. Ndipo chaka chino, sabata ija unandiperekeza kuchipatala ndi maondo angawa, mbuzi zinalowa m'dimba n'kudya kamumpanda yense wa pampanda makoko asanakhwime. Iwe unaona mpanda utagwa, unati pepani agogo, n'kubwerera ku mabuku. Sunadziwe chimene chinatayika. Njere zimene ndinapulumutsa sizinadzaze ngakhale kapu. Ndazigawa pakati. Theka ndibzala ine mvula ikagwa, theka lili m'botolo lako. Maondo angawa andilola chaka chino, mwina ndi cha mawa. Kupitirira apo sindikulonjeza. Nyumba yachiwiri ya mbewu imeneyi tsopano ndi iwe, palibenso wina.

Sindikuti ukalime ekala. Nyumba za aphunzitsi zimakhala ndi kamalo kuseri, ndinaziona. Uyambe ndi bedi limodzi lalikulu ngati chitseko. Limodzi! Usachite dyera ngati ine. Ufesepo mpiru kapena bonongwe, amene sachedwa kukusangalatsa. Madzi otsukira mbale usataye pabwalo, akapanda mchere ndi sopo wambiri ndi a dimba. Uthirire dzuwa lisanakwere ndiponso likapendeka. Mpanda umange usanafese, chifukwa mbuzi za ku Mzimba sizinapite kusukulu kuposa za kuno. Kamumpanda udikire mvula yeniyeni, osati yoyamba yonamiza ija. Ubzale m'mbali mwa mpanda, ziwiriziwiri, ameneyu yekha ndiye ungalowetse kuya kwa chala. Usabzale zonse tsiku limodzi, zina zitsale m'phulusa, botolo lotseka, pamalo pouma. Ndipo ndisadzamve kuti watuma ana a sukulu kukulimira. Ana a eni anabwera kudzaphunzira. Ugwire wekha, matuza atuluke, apole. Ukapatsa wina khasu wamupatsanso chimwemwe chako, iwe n'kutsala ndi ndiwo zokha.

Chinanso. Ukupita kwa anthu amene chilankhulo chawo suchidziwa, ndipo ndikukudziwa iwe, udzaweruka n'kudzitsekera m'nyumba ndi foni. Usatero. Sabata yoyamba uyende, uone nyumba imene kuseri kwake kuli kobiriwira, upite njira yeniyeni, uodire, ugwade monga ndinakuphunzitsira, upemphe mbande. Ngakhale utakhala nazo kale, upemphe. Palibe mayi wa dimba amene amakana wopempha mbande. Adzakupatsa, mawa adzabwera kudzaona ngati waokera bwino, adzakuseka, adzakukonzera, ndipo mwezi usanathe udzakhala ndi wina wokugogodera ukadwala. Ukalowa ngati madamu adzakupatsa mpando n'kukuopa. Ukalowa ngati wosadziwa adzakutenga ngati mwana wawo. Ine zinanditengera zaka ndi chikwanje kuti ndipeze mnzanga amene anali pafupi ngati mkono. Iwe usachedwe choncho.

Ndipo kamumpanda akadzabereka, usanaphike ngakhale kamodzi, usankhe makoko akuluakulu ouma, usende, umange pansonga ya chitenje, ukapatse mayi ameneyo. Akagwera mbali ya woyandikana naye, usiye. Ukadzamva dzanja likuyabwa kufuna chikwanje, ukumbukire agogo ako ali pamwala. Zotsalazo ndiye uphike zaziwisi, uthire tomato ndi anyezi wako, udye utakhala pakhomo pako. Udzandiimbire tsiku limenelo. Usandiuze za nyengo kapena za ahedi, undiuze kukoma kwake.

Ndatsala ndi chimodzi, chimene ndakubisira zaka zonsezi. Chitini chija ndinachiponya kuseri kwa bafa chinagwa cham'mbali, pamene pamayenda madzi osambira. Kanyemba kako sikanafe. Kanakhotetsa khosi, kanatuluka m'chitini, kanagwira udzu wa bafa n'kukwera. Ndinakaona patapita masabata awiri. Ndinafuna kukuitana, koma ndinaopa kuti ubwerera ku dothi, komanso, ndinene zoona, sindinafune kuoneka wolakwa pamaso pa mwana. Ndinangokasiya. Chaka chilichonse kamagwetsa njere n'kumera kokha pomwepo, ndipo iwe wakhala ukusamba pansi pa masamba ake osadziwa kuti ndi ako. Mbuzi zija zinadya mpanda wonse, koma kuseri kwa bafa sizinafikeko. Njere zonse zimene zatsala pakhomo pano, za m'botolo lako ndi zanga zomwe, ndathyola pamenepo.

Ndiye usandiuzenso kuti za dothi suzidziwa. Ine ndinakwirira mpiru, ndinatentha mbande, ndinadwalitsa tomato, ndinadyetsa mbewu anankafumbwe. Iwe unabzala kamodzi kokha m'moyo wako, ndipo n'chimene chatipulumutsa. Sindikukupatsa mbewu yanga, ndikukubwezera yako. Chitini chakenso chilipo, chadzimbiri, chili pansi pa tsinde. Mawa m'mawa ukamakasamba, uwerame uone. Kalatayi ndiika pa pilo pako kuti uwerenge usanapite, koma usabwere kudzandililira pakhosi, ndili ndi zophika za pa ulendo wako.

Uyende bwino, Mulungu akutsogolere, ndipo minibasi ikamagwedeza ugwire chikwama, botolo lisasweke. Zanga zikadzalephera ndidzakwera basi ndi maondo omwewa, ndidzazungulira njira yeniyeni, ndidzaodira pakhomo pako ndi nsonga ya chitenje yopanda kanthu. Ukadzandiuza kuti ndiwo umagula pamsika, sukulu yonse idzadziwa kuti pakamwa pangapa ndinanolera kuboda.

Ndine amene ndinakulera,
Agogo ako, Naphiri